Doctor Who: mlendo alowere khomo liti?

Sewero la Doctor Who lidaonekera koyamba pa wailesi ya kanema ya BBC pa 23 Novembala 1963, patangopita tsiku limodzi chiphedwereni mtsogoleri wa dziko la America, John F. Kennedy. Nthawi imeneyo Malawi ndi Zambia anali asanalandire ufulu wodzilamulira. Kufika lero zigawo za seweroli zaposa 800, anthu 14 asinthana pampando wa mwini nkhani, ndipo pambali pake padaphuka masewero ena atatu odziwika bwino: Torchwood, The Sarah Jane Adventures ndi Class. Tikawonjezera mabuku, masewero ongomvera ndi filimu ya mu 1996, mulu wake ndi woti munthu amene wangomva mbiri yake kwa mnzake amabwerera pakhomo asanagogode.

Okonda seweroli nawonso sathandiza kwenikweni. Mukafunsa kuti muyambire pati, wina akuuzani kuti wosayambira mu 1963 sadaonere kanthu. Wina akutumizirani ndondomeko yaitali yosakaniza zigawo za masewero onse anayi, kuti mukaonera ichi mudumphire uko kenaka mubwerere kuno. Malangizo oterewa amachokera kwa anthu amene adaonera kale zonse, ndipo adaiwala kuti iwowo adalowa mwangozi, atangopeza gawo lina lili mkati pa kanema madzulo a Loweruka. Langizo langa ndi lalifupi: yambani ndi gawo lotchedwa "Rose" la mu 2005, mutsate mmene zigawo zidatulukira, ndipo masewero a mphukira muwasiye kaye mpaka mutamaliza masizoni anayi.

Zoti mudziwe musanayambe ndi zochepa. Mwini nkhani amangotchedwa Dokotala, dzina lake lenileni silitchulidwa. Amaoneka ngati munthu koma kwawo ndi ku dziko lakutali la Gallifrey, ali ndi mitima iwiri, ndipo wakhala ndi moyo zaka mazanamazana. Amayenda m'chombo chotchedwa TARDIS, chomwe kunja chimaoneka ngati kanyumba kabuluu ka lamya ya apolisi, monga tomwe tinkapezeka m'misewu ya ku Britain kale, koma mkati ndi chachikulu kuposa nyumba. Chombochi chimapita kulikonse ndi nthawi iliyonse, dzulo, mawa, kapena zaka mabiliyoni zikubwerazo. Sayenda yekha, amatenga mnzake wapaulendo, kawirikawiri munthu wamba wa dziko lino. Ndipo akavulala mofika pa imfa thupi lake limasandulika, nkukhala ndi nkhope ina, mawu ena ndi khalidwe lina, koma akukumbukira zonse.

Kusandulikaku sikudali m'mapulani a oyambitsa seweroli, Sydney Newman ndi Verity Lambert. Kudabwera chifukwa cha vuto. Mu 1966 William Hartnell, yemwe adali Dokotala woyamba, thanzi lidamuvuta, ndipo akuluakulu a BBC sadafune kutseka sewero lomwe linkakopa anthu mamiliyoni. Adangolemba kuti Dokotala wagwa pansi m'chombo chake, nkhope yasintha, wadzuka ali Patrick Troughton. Nzeru yothawira vutoyi ndi yomwe yasunga seweroli zaka zoposa 60, ndipo ndi yomwe imachititsa kuti mlendo asavutike. Pakapita zaka zitatu kapena zinayi Dokotala amasintha, mnzake wapaulendo amasintha, nthawi zina olemba onse amasintha, ndipo nkhani imayambiranso kufotokozedwa kwa munthu amene sadziwa kalikonse. Mkamwini sayamba waloweza mayina a makolo onse a pamudzi asanadye nsima ya apongozi. Amadziwa abale pang'onopang'ono, akamabwera kudzacheza.

Chifukwa chiyani "Rose"? BBC idaimitsa seweroli mu 1989 litatha masizoni 26. Filimu ya mu 1996, momwe Paul McGann adali Dokotala, sidakwanitse kulidzutsa. Pamene Russell T Davies ankalibweza pa 26 Malichi 2005, ankadziwa kuti ana ambiri a ku Britain sadalionepo, ndipo makolo awo ankalikumbukira ngati chinthu chakale cha zilombo za pulasitiki. Choncho adayambira pa mtsikana wa zaka 19, Rose Tyler, wogulitsa m'sitolo ya zovala mu London, wokhala ndi mayi ake m'nyumba zaboma za anthu opeza zochepa. Wotchi ilira m'mawa, akwera basi, apinda zovala tsiku lonse, adya nkhomaliro ndi chibwenzi chake Mickey. Poweruka amutuma kuchipinda chapansi kukapereka ndalama za lotale kwa mkulu wokonza magetsi. Mkuluyo kulibe. Zidole zovekedwa zovala, zija zimaima pawindo la sitolo, ziyamba kutembenuza mitu ndi kumuyandikira. Zitamupanikiza kukhoma, dzanja la munthu wosamudziwa ligwira lake, ndipo mwini dzanjayo amuuza kuti athawe.

Kuyambira pamenepo chilichonse chomwe woonera akufuna kudziwa, Rose amafunsa m'malo mwake. Ndiwe yani? Bwanji chinthuchi ndi chachikulu mkati? Ngati ndiwe wochokera kutali, bwanji ukuyankhula ngati wa kumpoto kwa England? Davies adachitanso chinthu china chochenjera. Adalemba kuti pa zaka zomwe seweroli kudalibe, kudachitika nkhondo yaikulu yomwe idapululutsa mtundu wonse wa Dokotala pamodzi ndi adani awo. Mbiri yonse ya zaka 26 ija adaiika kuseri kwa chitseko chotseka. Dokotala wa Christopher Eccleston, wa jekete lachikopa ndi tsitsi lometa, ndi munthu wotsala yekha, woseka msanga ndi wokwiya msanga, ndipo simufunika kudziwa za 1975 kuti mumvetse chisoni chake.

Ndikuchenjezeni kuti zigawo zoyambirira zili ndi zofooka zake. Mu "Rose" momwemo muli bini ya zinyalala yomwe imameza Mickey kenaka nkugeya, ndipo luso la kompyuta la mu 2005 lero likuoneka losekesa. Gawo lachinayi ndi lachisanu muli zilombo zobisala m'matupi a andale zomwe nthabwala yake yaikulu ndi kuphwisa. Ambiri amagwa ulesi pamenepa. Pirirani mpaka gawo lachisanu ndi chimodzi, lotchedwa "Dalek". Ma Dalek ndi adani akale a Dokotala, adayamba kuoneka mu Disembala 1963, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankawaseka kuti chilombo chanji cholephera kukwera masitepe. M'gawoli muli Dalek mmodzi yekha, womangidwa maunyolo m'chipinda chapansi pa nthaka ku Utah, ndipo Dokotala akangomuzindikira amathamangira kuchitseko nkumamenya kuti amutsegulire. Nkhope ya Eccleston pamenepo imakuuzani zonse za nkhondo ija. Mukafika pa "The Empty Child", nkhani ya mwana wovala chophimba kumaso choteteza ku mpweya wapoizoni yemwe akufunafuna mayi ake mu London wa mu 1941 mabomba akugwa, mudzakhala mutadziwa ngati seweroli ndi lanu kapena ayi.

Pali ena amene amalangiza kuti mlendo ayambe ndi "Blink", gawo la mu 2007 lomwe adalemba Steven Moffat, la ziboliboli za angelo zomwe zimasuntha pamene palibe akuziyang'ana, ngakhale munthu akangophethira. Ndi gawo labwino zedi, lidapata mphoto ya Hugo, ndipo Carey Mulligan adasewera mochititsa kaso asanatchuke. Koma Dokotala amaonekamo mphindi zochepa chabe. Munthu akalikonda amayembekeza kuti zigawo zina zonse zili choncho, ndiye amakhumudwa. Ngati zithunzi za mu 2005 zakukanikani ndithu, khomo lachiwiri labwino ndi "The Eleventh Hour" la mu 2010, pomwe Matt Smith adalowa ngati Dokotala ndipo Moffat adatenga utsogoleri. Zonse ndi zatsopano pamenepo, ndipo limayamba ndi kamtsikana kopemphera kuti wina abwere kudzaona mng'alu womwe uli pakhoma la chipinda chake. "The Woman Who Fell to Earth" la mu 2018, pomwe Jodie Whittaker adakhala mayi woyamba kutsogolera seweroli, nalo ndi khomo. Chimodzimodzi gawo la Khirisimasi ya 2023, loyamba lathunthu la Ncuti Gatwa ngati Dokotala, mnyamata wobadwira ku Rwanda nkukulira ku Scotland. M'nthawi ya Gatwa muli gawo la mu 2025, "The Story & the Engine", lomwe nkhani yake ikuchitikira m'nyumba yometera tsitsi ku Lagos, lolembedwa ndi Inua Ellams. Makomo onsewa ndi otsegula, komabe ndimaika "Rose" patsogolo chifukwa masewero awiri a mphukira, Torchwood ndi The Sarah Jane Adventures, mizu yawo ili m'zaka za 2005 mpaka 2010.

Msampha womwe umakola alendo ambiri si nkhani yovuta ayi, koma kawerengedwe. Pali masizoni atatu osiyana omwe onse amatchedwa oyamba: ya mu 1963, ya mu 2005, ndi ya mu 2024 pomwe BBC, itagwirizana ndi Disney+, idayambiranso kuwerenga. Musanagule DVD kapena kuwononga bandulo, yang'anani chaka. Chinanso, zigawo zapadera za pa Khirisimasi nthawi zambiri zimaikidwa padera, ndipo anthu amazidumpha poganiza kuti ndi zongokometsera. Gawo loyamba lathunthu la David Tennant ngati Dokotala ndi "The Christmas Invasion" la pa 25 Disembala 2005. Mukalidumpha mudzangopeza munthu wina ali m'chombo. Pakati pa sizoni yachinayi ndi yachisanu palinso zigawo zapadera zomwe zimathera pa "The End of Time", momwe Tennant amatsanzika.

Tsono za ndondomeko zija zoti muonere motsata nthawi ya m'nkhani. M'sewero lomwe mwini wake amadumpha kuchokera ku Pompeii wa chaka cha 79 kupita kumapeto a chilengedwe, nthawi ya m'nkhani ndiye iti? Chitsanzo ndi River Song, yemwe amasewera ndi Alex Kingston. Timakumana naye koyamba mu 2008 mu "Silence in the Library". Iye amamudziwa bwino Dokotala, ali ndi kabuku kodzaza ndi zomwe adachitira limodzi, koma Dokotala sadamuonepo. Awiriwa amakumana mosemphana, ndipo zaka zotsatira zimadzaza pang'onopang'ono masamba a kabuku kaja. Kukoma kwa nkhaniyi kuli pa kusadziwa kwanu. Alipo okonda seweroli amene adasanja zigawo za River motsata moyo wake, ndipo ndi masewera abwino kwa woonera kachiwiri. Kwa woyamba ndi kuwononga.

Tibwere ku mphukira. Choyamba kudziwa ndi chakuti masewerowa adapangidwira anthu osiyana, ndipo dzina la Doctor Who lisakupusitseni kuti onse ndi oonera banja lonse pabalaza.

Torchwood idayamba mu Okutobala 2006 pa BBC Three, usiku ana atagona. Mtsogoleri wake ndi Captain Jack Harkness, yemwe amasewera ndi John Barrowman, munthu amene timakumana naye koyamba mu "The Empty Child" muja ndipo pambuyo pake amapezeka kuti sangafe. Iye ndi kagulu kake amagwira ntchito mobisa pansi pa mzinda wa Cardiff ku Wales, kusaka zachilendo zomwe zimagwera mumzindawo. Muli kutukwana, magazi ndi zogonana zoonekera. Sizoni yoyamba, kunena mosapsatira, ili ngati ya achinyamata amene angololedwa kumene kutukwana: zambiri zimachitika pongofuna kuonetsa kuti ili si sewero la ana. Yachiwiri, ya mu 2008, ndi yokhwima, ndipo Martha Jones, mnzake wa Dokotala yemwe amasewera ndi Freema Agyeman, amabweramo zigawo zitatu.

Koma chifukwa chenicheni choonerera Torchwood ndi sizoni yachitatu, Children of Earth, zigawo zisanu zomwe zidaonetsedwa masiku asanu otsatizana mu Julaye 2009. M'mawa wina ana onse a dziko lapansi angoima chilili nthawi imodzi, pamsewu, pabwalo la sukulu, patebulo la chakudya, kenaka ayamba kuyankhula mawu amodzimodzi. Zolengedwa zina zikubwera, ndipo zikufuna gawo limodzi mwa magawo khumi a ana onse. Zolengedwazo simuziona bwino, zili m'chipinda chagalasi chodzaza utsi. Choopsa chili m'chipinda china, momwe nduna za boma zakhala mozungulira tebulo nkumakambirana kuti ana operekedwawo asankhidwe bwanji. Poyamba aliyense akuzemba. Kenaka agwirizana kuti ana awo ndi adzukulu awo asakhudzidwe. Kenaka mayi wina anena poyera zomwe enawo akuganiza: atengedwe ana a m'sukulu zomwe sizikhoza bwino mayeso, poti mndandanda wa sukuluzo boma lili nawo kale. Palibe amene akukweza mawu. Pakati pa zonsezi pali wogwira ntchito m'boma wokhulupirika, John Frobisher, yemwe akuluakulu amukankhira kutsogolo kuti zikavuta mlandu ugwere iye. Amasewera ndi Peter Capaldi, yemwe patapita zaka zinayi adasankhidwa kukhala Dokotala. Dokotala mwiniyo m'nkhaniyi sabwera, ndipo kusabwera kwakeko ndi mbali ya nkhani. Mungathe kuonera Children of Earth musanaone masizoni awiri oyamba, ngakhale imfa zina zimapweteka kwambiri mukawadziwa anthuwo. Sizoni yachinayi, Miracle Day ya mu 2011, yomwe adapanga mogwirizana ndi kanema wa Starz wa ku America, ili ndi mfundo yabwino, yoti tsiku lina anthu aleka kufa, koma adaikoka mpaka zigawo khumi pomwe zisanu zikadakwana.

The Sarah Jane Adventures ndi ya ana, idayenda pa CBBC kuyambira 2007 mpaka 2011, ndipo akuluakulu ambiri amaidumpha chifukwa chomwecho. Amalakwitsa. Elisabeth Sladen adasewera ngati mtolankhani Sarah Jane Smith, mnzake wa Dokotala, kuyambira 1973 mpaka 1976. Atabweranso mu gawo la "School Reunion" mu 2006, patatha zaka 30, anthu adamulandira mwakuti BBC idamupatsa sewero lakelake. Ndi mayi wachikulire wokhala ku Ealing mu London, ali ndi kompyuta yoyankhula m'chipinda chapadenga, ndipo amathandizana ndi ana apasukulu oyandikana nawo. Nkhani zake ndi zazifupi, za zigawo ziwiriziwiri, koma zimakhudza zinthu zolemera: kutha kwa banja, ukalamba, kusowa pokhala. Tennant adabweramo mu 2009, Matt Smith mu 2010. Sladen adamwalira ndi khansa mu Epulo 2011 sizoni yachisanu ili pakati, ndipo seweroli lidathera pomwepo. Ngati m'nyumba muli ana a ku pulayimale, ili ndi lomwe mungawayambitse nalo popanda nkhawa.

Class, ya mu 2016, yolembedwa ndi Patrick Ness, ndi ya achinyamata a ku sekondale. Ili ndi zigawo zisanu ndi zitatu zokha, idathera m'malere ndipo sadaipitirize. Ionereni mukasowa china.

Kodi pali pomwe mungasochere mu Doctor Who chifukwa simudaonere mphukirazi? Malo ndi awiri okha, ndipo ndi ang'onoang'ono. Mu "Utopia", chakumapeto kwa sizoni yachitatu, Jack amatulukira akuthamangira TARDIS mu Cardiff, zomwe zikupitiriza pomwe sizoni yoyamba ya Torchwood idathera. Ndipo mu "The Stolen Earth" ndi "Journey's End", zotsekera sizoni yachinayi mu 2008, anthu a mu Doctor Who, Torchwood ndi The Sarah Jane Adventures amakumana. Mudzaona nkhope zitatu kapena zinayi zachilendo, olemba adzakuuzani m'mawu ochepa kuti ndi ndani, nkhani nkupitirira. Davies ankadziwa kuti ana oonera Doctor Who saloledwa kuonera Torchwood, choncho sakadamanga nkhani yaikulu pa chinthu chomwe theka la oonera silidaone.

Zakale za 1963 mpaka 1989 zibwere pomaliza, ndipo musadzikakamize kuziona zonse. Simungathe ngakhale mutafuna. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 BBC inkafufuta matepi kuti ijambulirepo zina, ndipo zigawo zoposa 90 za Hartnell ndi Troughton zidasowa. Zambiri zomwe zidapulumuka ndi makope a filimu omwe adapangidwa kuti agulitsidwe ku mawailesi a kanema a maiko ena, ndipo Zambia idali m'gulu la maiko a mu Africa omwe ankaonetsa seweroli zaka zimenezo. Mu 2013 kudalengezedwa kuti Philip Morris, mkulu wofufuza mafilimu akale, wapeza zigawo zisanu ndi zinayi zosowa m'chipinda china cha wailesi ya kanema ku Jos, m'dziko la Nigeria, za nkhani ziwiri za Troughton, "The Enemy of the World" ndi "The Web of Fear". Mawu a zigawo zonse zosowa alipo, chifukwa oonera ena ankajambula pa matepi awo kunyumba, ndipo BBC yakhala ikupanga zithunzi zojambula pamanja nkuziphatikiza ndi mawuwo.

Zakalezi zimayenda mosiyana. Gawo limodzi ndi la mphindi 25, nkhani imodzi imatenga zigawo zinayi kapena zisanu ndi chimodzi, ina mpaka 12, ndipo zidalembedwa kuti anthu aziona kamodzi pa sabata. Mukaziona zonse usiku umodzi mudzatopa ndi kugwidwa, kuthawa ndi kugwidwanso. Gawo limodzi kapena awiri patsiku ndi zokwanira. Sankhani nkhani, osati sizoni. "Spearhead from Space" ya mu 1970, yoyamba ya Jon Pertwee ngati Dokotala komanso yoyamba yosakhala yakuda ndi yoyera, ili ndi zidole za m'sitolo zomwe zija mudaziona mu "Rose". "Genesis of the Daleks" ya mu 1975 ikuonetsa chiyambi cha ma Dalek ndi mlengi wawo Davros, ndipo muli Sarah Jane ali mtsikana. "City of Death" ya mu 1979, yojambulidwa ku Paris, yomwe Douglas Adams adalemba nawo, ndi yoseketsa mpaka lero. Ziwiri zomalizazi ndi za Tom Baker, wa sikafu yaitali uja, yemwe adakhala Dokotala kuyambira 1974 mpaka 1981, nthawi yaitali kuposa wina aliyense.

Abale athu okhala ku Britain zinthu zidawaphwekera, chifukwa kuyambira Novembala 2023 BBC idaika pafupifupi zonsezi pa iPlayer, zakale, zatsopano ndi mphukira zomwe. Kwa ife ena zimatengera chomwe chapezeka, ndipo malo oonetsera pa intaneti amasinthasintha. Chomwe mukufuna ndi sizoni ya mu 2005, ya zigawo 13, yomwe pachikuto pake pali Christopher Eccleston ndi Billie Piper, yemwe amasewera ngati Rose. Mukafika pa "The Empty Child" osamva kanthu, lisiyeni, si lanu, ndipo palibe amene angakuimbeni mlandu.